Pakati pa Anthu Odziwa Ulendo

Ntchito ya kanthawi m'dziko la eni imamuika munthu pamalo ovuta kuwafotokoza. Sunasamuke, pakuti nyumba yako, ana ako ndi munda wako zatsala kwanu, ndipo tsiku lobwerera linalembedwa kale pa tikiti. Komabe sindiwe mlendo wa masiku awiri woti angomuphera nkhuku n'kumuperekeza. Uyenera kupeza pogona, kudziwa kogula sopo ndi mafuta ophikira, kuloweza njira ya kuntchito, ndi kupirira Lamulungu lalitali lopanda wocheza naye. Pamenepo mtima umanyengerera kuti miyezi imeneyi ndi yongodikirira, moyo weniweni udzapitirira tsiku lotsika ndege ku Lumbadzi. Ine ananditumiza ku Philippines pa ntchito ya mpunga, ndipo anthu a kumeneko sanandilole kukhala wongodikira. Chimene chinkawachititsa zimenezo ndicho ndakhala ndikuchilingalira chibwerereni.

Ndinkakhala ku Los Baños, tauni ya m'chigawo cha Laguna, kumwera chakum'mawa kwa mzinda wa Manila. Ili m'munsi mwa phiri la Makiling, m'mphepete mwa Laguna de Bay, nyanja yaikulu kuposa zonse za m'dzikomo, ndipo m'malo ambiri pansi pamatumphuka madzi otentha. Ndi tauni ya ophunzira ndi ofufuza. Sukulu ya zaulimi ya University of the Philippines inayamba kumeneko mu 1909, ndipo mu 1960 kunakhazikitsidwa IRRI, likulu la kafukufuku wa mpunga pa dziko lonse. Mbewu ya IR8 imene inatuluka kumeneko mu 1966, yaifupi ndi yosagwa ikalandira feteleza, inachulukitsa zokolola m'maiko ambiri a ku Asia pa nthawi imene anthu ankaopa njala yaikulu. M'nkhokwe yawo ya mbewu amasungamo mitundu ya mpunga yoposa 130,000. Munthu amene wakula akudziwa Faya ndi Kilombero, amene wapondapo matope a ku Karonga ndi ku Nkhotakota, akamva chiwerengero chimenecho amangoti kukamwa yasa. Koma ntchito sinandivute kuzolowera. Mbande ndi mbande, ndipo matope a m'munda wa mpunga amanunkha chimodzimodzi kulikonse. Zovuta zinkayamba ndikaweruka.

Loyamba kudandaula ndi thupi. Kutentha kwa kumeneko n'kwachinyezi. Umasamba, n'kuvala, usanafike pamsewu malaya amatirira kale kumsana. Wotchi yawo ili patsogolo pa yathu ndi maola 6, choncho ndikamadzuka kwathu kunali kudakali pakati pa usiku, ndipo nkhani zonse za m'mawa zinkadikira mpaka madzulo kuti ndipeze womuuza. Ndiye pali mimba. M'mabanja ambiri kwathu mpunga ndi wa pa Khirisimasi ndi paukwati, pomwe kumeneko ndi wa m'mawa, masana ndi madzulo. Wotsala dzulo amaukazinga ndi adyo m'mamawa n'kudyera dzira ndi nsomba youma. Munthu wa nsima amatha mbale yodzaza koma n'kudzuka akuona ngati sanadye. Chimene chinanditonthoza ndi msika. Pa mabenchi ake ndinapeza kholowa womanga m'mitolo, masamba a chamwamba, therere, maungu, tinsomba touma timene amatitcha dilis, tofanana ndi usipa, ndi tilapia wamoyo akuphiriphitha m'beseni. Msuzi wawo wa sinigang amauwawasitsa ndi bwemba. Tsiku lina ndinagula kholowa ndi matimati n'kukaphika ndekha, ndipo fungo lake litadzaza m'chipinda, phuma la mumtima linayamba kutsika.

Popita kuntchito ndi kumsika ndinkakwera jeepney. Galimoto zimenezi zinayamba ndi majipi amene asilikali a ku America anasiya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Eni dziko anawatalikitsa, n'kuikamo mabenchi awiri oyang'anana, n'kuwapaka penti yowala, mayina a ana awo ndi mawu a m'Baibulo. Umalowera kumbuyo mowerama n'kukhala mawondo akugundana ndi a mnzako. Zambiri zilibe kondakitala. Wokhala kumapeto amatulutsa ndalama n'kunena kuti "Bayad po," n'kupatsa woyandikana naye, ameneyonso n'kupatsira wina, mpaka ifike kwa dalaivala, amene amailandira dzanja lili kumbuyo maso ali pamsewu. Chenji imabwerera njira yomweyo, kudutsa m'manja mwa anthu osadziwana, osasowapo ngakhale kakobidi. Tsiku lina mayi wachikulire anaika ndalama zake m'dzanja langa osandiyang'ana n'komwe, monga akanachitira ndi wina aliyense, ine n'kuzipatsira kutsogolo. Chinali chinthu chaching'ono, koma ndinamva kuti ndawerengedwa. M'galimoto imeneyo mulibe malo a woonerera. Aliyense wokhala pabenchi dzanja lake lili ndi ntchito.

Pa chakudya n'chimodzimodzi. Mfilipino sayamba kudya pali munthu pafupi osamuitana. Mlonda wa pageti akatsegula kontena yake ya mpunga ndi kansomba kamodzi, mayi wogulitsa m'kagolosale akakhala pansi masana, onse amati "Kain tayo," tiyeni tidye. Kawirikawiri umakhala ulemu chabe, umathokoza n'kupitirira, koma anzanga a kuntchito ankachitadi zenizeni. Nthawi ya nkhomaliro aliyense ankaika ndiwo zake pakati pa tebulo, adobo wa nkhuku wophikira viniga ndi msuzi wa soya, biringanya wootcha, nsomba ya bangus, ndipo mbale yanga inkadzaza ndisanapemphe. Achinyamata ankanditchula Kuya, monga atchulira mkulu wawo wamwamuna. Ana a pamalo pamene ndinkakhala ankatenga dzanja langa n'kuligunditsa pamphumi pawo, ulemu umene amapereka kwa makolo ndi agogo. Munthu wochokera kumene mwana amagwada popereka madzi kwa wamkulu sachedwa kumva chimene mwambo wotero ukunena.

Sikuti zonse zinali zokoma. Munthu wakuda ndi wosowa m'matauni aang'ono a kumeneko, ndipo maso a anthu amakutsatira pamsewu. Ena ankaseka ndikadutsa, ena ankafunsa ngati ndine wosewera basketball wa ku America, ndipo ndikatchula Malawi ambiri ankaganiza za Marawi, mzinda wawo wa ku Mindanao. M'masitolo muli sopo ndi mafuta oyeretsa khungu ambirimbiri, ndipo zikwangwani zake zimanena mosabisa khungu limene anthu amalisirira. Ku Manila ndinaona nyumba zosanja zagalasi zitayandikana ndi tizisakasa ta malata m'mbali mwa ngalande. Madzulo ena ndinkatseka chitseko nditatopa ndi kuyang'anidwa. Zoterezi mlendo amakumana nazo m'maiko ambiri. Chimene chinandidabwitsa ndi khama limene anthu wamba ankachita kuti mlendo asagone ndi njala kapena kusungulumwa.

Gwero la khama limenelo ndinalipeza m'nyumba imene ndinkachita lendi. Eni ake anali mayi wachikulire wamasiye, amene aliyense pamalopo ankawatchula Nanay, amayi. Pabalaza pawo panali zithunzi zambiri: mwana wamkazi atavala yunifolomu ya unamwino ku Saudi Arabia, mwana wamwamuna ataima pa sitima yapamadzi yonyamula katundu, ndi adzukulu awiri amene mayiwo ankawalera, kuwaphikira ndi kuwaperekeza kusukulu. Madzulo ankagogoda pachitseko changa atanyamula kambale kovundikira. Nditadwala chimfine anandiphikira phala la mpunga lothira nkhuku ndi jinja, n'kukhala pampando mpaka nditamaliza. Tsiku lina ndinawauza kuti, "Amayi, mukudzivutitsa kwambiri. Lendi imene ndimalipira siifika pa zonsezi." Iwo anapukusa mutu n'kuloza zithunzi zija. "Mwanawe, anga ali kutali. Akadwala kumeneko dzanja langa silifika. Ndikakupatsa iwe chakudya, ndimapempha Mulungu kuti kumene aliko apezeke wina wowagogodera."

Akulu athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ku Philippines mawu amenewa ali ndi kulemera kwake, chifukwa n'kovuta kupeza banja lopanda m'bale wake kunja. Mu 1974 boma la Ferdinand Marcos linakhazikitsa lamulo la ntchito limene linatsegula njira yotumizira anthu kukagwira ntchito kumaiko ena, pa nthawi imene maiko a mafuta a ku Middle East ankafuna amisiri omanga. Zinkaoneka ngati za kanthawi, koma mpaka lero zikupitirira. Afilipino pafupifupi 10 miliyoni amakhala kunja kwa dziko lawo: anamwino ku Britain ndi ku America, antchito a m'nyumba ku Hong Kong ndi ku Singapore, amisiri ku Dubai ndi ku Riyadh, amalinyero pa sitima za m'nyanja zonse. Ndalama zimene amatumiza kwawo zimaposa madola 30 biliyoni pa chaka. Ndizo zimalipira fizi, kumanga nyumba za simenti ndi kugula mankhwala a agogo. Palinso makatoni aakulu amene amawatcha balikbayan. Munthu amadzazamo pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri sopo, nsapato, chokoleti ndi zakudya za m'zitini, n'kutumiza pa sitima kuti zikafike Khirisimasi isanakwane.

Pansi pa ndalama ndi makatoni amenewa pali bala. Ana amakula akumuona mayi wawo pa foni, pamene mayiyo akulera ana a eni ku Hong Kong. Ena amalandidwa mapasipoti ndi mabwana awo, ena amabwerera m'bokosi. Mu 1995 Flor Contemplacion, wantchito wa m'nyumba, ananyongedwa ku Singapore pa mlandu wakupha umene Afilipino ambiri ankakhulupirira kuti sanapalamule. Dziko lonse linalira ndi kukwiya, ndipo chaka chomwecho linakhazikitsa lamulo loteteza antchito ake a kunja. Ngakhale José Rizal, ngwazi yawo yaikulu, wobadwira ku Calamba pafupi ndi Los Baños mu 1861, analemba za mavuto a dziko lake ali ku Ulaya. Buku lake loyamba linasindikizidwa ku Berlin mu 1887, ndipo atsamunda a ku Spain anamupha ku Manila mu 1896. Anthu amenewa amadziwa kuwawa kwa kukhala mlendo chifukwa kuli m'nyumba mwawo. Akaona munthu akudya yekha m'dziko losakhala lake, amakumbukira wawo.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa Mmalawi. Agogo athu anayenda wapansi kupita ku Halale ndi ku Joni, ena anakwera ndege za Wenela kupita kumigodi, ndipo amene sanabwerere tinawatcha machona. Mu 1974, chaka cha lamulo la Marcos lija, ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu ntchito ya Wenela. Koma ulendo sunathe. Mpaka lero mabasi amanyamuka ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mangochi ndi ku Mzimba atadzaza achinyamata, n'kubwera atasenza mafiriji ndi mabulangete. Mu 2008 ndi mu 2015 ena anabwerera chimanjamanja atathamangitsidwa ndi anthu odana ndi alendo. M'midzi yathu muli agogo ambiri olera adzukulu ndi ndalama zochokera ku Joni, amene amagona foni ili kumutu. Nkhawa yawo ndi yomweyo imene inkawadzutsa Nanay usiku.

Pa 1 Novembala Nanay ananditenga kumanda. Tsiku limenelo, limene amalitcha Undas, mabanja amapita kukaona akufa awo. Kwathu kumanda sikulowedwa wamba. Timapitako pa maliro kapena polambula, mfumu itavomereza, ndipo timalankhula motsitsa mawu. Kumeneko ndinapeza anthu atadzaza ngati tsiku la msika. Manda awo ambiri ndi a simenti, ena osanjikizana, ndipo anali atawatsuka ndi kuwapaka penti yoyera. Anayala mikeka, kuyatsa makandulo ndi kuvundukula miphika. Ana ankathamanga uku ndi uku kutola sera yosungunuka n'kumaumba timipira. Tinapemphera kolona pamanda a amuna awo, kenako tinadya. Dzuwa litapendeka mwana wawo wa ku Saudi Arabia anaimba foni, ndipo mdzukulu anaigwira moyang'anitsa kumanda kuti mayi ake aone makandulo a bambo awo. Atatha kulira, Nanay anatembenuzira foniyo kwa ine n'kunena kuti, "Uyu ndi wa ku Africa, akukhala kwathu kuno. Wadya." Mwana wawoyo anandithokoza chifukwa chosenza madzi ndi mipando, ntchito imene akanagwira mlongo wake akanakhalapo. Apo m'pamene ndinaona kuti sindinkangolandira. M'banjamo munali mpando wopanda munthu, ndipo kwa kanthawi ndinakhalapo ine, ndi ntchito zake zomwe.

Mphepo nayonso inandiphunzitsa zomwezo. Chaka chilichonse anamondwe pafupifupi 20 amalowa m'dera la dzikolo, ndipo anthu sanaiwale Yolanda wa mu Novembala 2013, amene anapha anthu oposa 6,000, ambiri a ku Tacloban ndi madera oyandikira. Chenjezo likangolengezedwa, anthu amamangirira madenga, kutunga madzi ndi kutchaja mafoni. Usiku umene mphepo inawomba kumene ndinkakhalako, oyandikana nawo anabwera kudzafunsa ngati ndili ndi tochi ndi kandulo. Kutacha tonse tinatuluka kukadula nthambi zimene zinatseka msewu. Amene anaona namondwe wa Freddy kumwera kwa Malawi mu 2023 akudziwa kuti tsiku lotero palibe amene amafunsa kuti ndiwe wa kuti, amangokupatsa chikwanje. Ukadula nthambi pamsewu, msewuwo umayamba kukhala wako, ngakhale ukudziwa kuti sudzakalambirapo.

Khirisimasi yawo imayamba kumveka mu Sepitembala. Pa mawindo pamapachikidwa nyenyezi za nsungwi ndi mapepala zimene amazitcha parol, ndipo kuyambira pa 16 Disembala anthu amadzuka m'bandakucha kupita ku Misa masiku 9 otsatizana. Panja pa tchalitchi amayi amakhala akuotcha bibingka, chigumu cha ufa wa mpunga chokutira m'masamba a nthochi. Ndiyo nyengo imene makatoni aja amafika, ndipo ena amwayi amalandira eni akewo pabwalo la ndege. Ambiri salandira. M'mapemphero a m'bandakuchawo amatchula amene ali kutali, ndipo Nanay ankaonjezera ana anga pa mndandanda wawo. Ine ndinayamba kutchula awo.

Chidziwitso cha mbewu ndi kathiriridwe chimene ananditumira ndinabwera nacho, ndipo chikugwira ntchito. Chinacho ndi ngongole, ndipo kolipirira kwake ndi kuno. Malawi amadziwa kulandira. Nkhondo itavuta ku Mozambique, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno, ndipo midzi ya ku Nsanje, ku Mulanje, ku Ntcheu ndi ku Dedza inagawana nawo malo, nkhuni ndi zitsime pamene eni akewo analibenso zambiri. Kuyambira 1994 ku Dzaleka m'boma la Dowa kwakhala anthu ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Koma mbiri ya makolo siidyetsa mlendo wa lero. Mtima wolandira umazirala zinthu zikathina, ndipo si kawirikawiri pamene timakumbukira kuti mawu amene timanenera wogulitsa wachilendo pamsika wathu ndi omwewo amene wina akunenera mphwathu ku Durban.

Mlendo sachita kufuna kutali. Ndi mphunzitsi wa ku Chitipa amene amutumiza ku Chikwawa ndipo sadziwa kogula makala. Ndi namwino watsopano pachipatala cha m'mudzi amene akugona m'nyumba yopanda nsalu pawindo. Ndi Mrundi wa pagolosale, ndi Mmozambiki wodzagwira ganyu nthawi yokolola, ndi mnzathu wa dziko lina amene wabwera pa ofesi kwa miyezi yowerengeka ndipo ife tikuti n'kudzivutitsiranji pakuti achoka posachedwa. Aliyense wa iwo ali ndi amake penapake amene dzanja lawo silifika. Ifenso dzanja lathu silifika ku Joni, ku Leeds kapena ku Lusaka kumene kuli athu, koma limafika pakhomo loyandikana nalo. Choncho munthu watsopano akafika pantchito pathu, sindidikira kuti ayambe wazolowera. Ndimamufunsa ngati wapeza pogona, ndimamutengera kumsika Loweruka loyamba, ndipo Lamulungu amadya kwathu.